Kamvuluvulu ndi Anthu Ake a Lachinayi

A mkulu wa chipatala chino, madokotala nonse amene mwasiya mawodi n'kubwera kuno, amayi oyang'anira anamwino, anamwino anzanga, a ku mankhwala, a kochapira, a kukhitchini ndi alonda a pageti, ndakulonjerani nonse. Alamu anga amene mwakhala kutsogoloko ndi taye yatsopano, mwana wathu wamkazi ndi amuna anu, ndi adzukulu amene mwayamba kale kuponya maso pa keke, takulandirani. Nanunso a kumbuyoko, anthu a Lachinayi, amene mwakana mipando ya kutsogolo, musaganize kuti mwabisala. Ndakuonani.

Kwa amene simundidziwa, ine ndine wa thonje ndi bandeji. Chipinda changa ndi chija chonunkha mankhwala pafupi ndi khomo lolowera odwala, chotsukira mabala. Ndakhalamo kuyambira tsitsi langa lili lakuda, komanso lilipo. Amayi amene tikutsanzikana nawo lerowa, pamene akupuma pa ntchito, ndinawapeza pano atangoyamba kumene unamwino. Ndimawatcha achemwali, ndiye bambo awa anasanduka alamu anga osafunsidwa n'komwe. Koma dzina limene chipatala chonse chimawadziwa nalo ndi Kamvuluvulu. Musandiyang'ane choncho, achemwali. Ngakhale a mkulu amakutchulani dzina lomweli mukangotuluka mu ofesi.

Ndisanafike pa nthabwala, ndinene kaye chimene chili mumtima mwa ambiri muno. Tabwera kudzasangalala, inde, koma tili ndi mantha. Mantha athu ndi Lolemba likudzali. Lolemba m'mawa amayi awa adzadzuka, yunifolomu palibe, wodi palibe, wowaitana palibe. Munthu amene sanakhalepo pansi chiyambire ntchito, adzatani nalo tsiku lonse lathunthu? Ena mukuseka, koma taonani, alamu anga sakuseka. Funso limeneli ndi lolemera kuposa mmene likumvekera, ndipo achemwali eni ake andilamula kuti ndilifotokoze lonse. Anandiuza kuti, "Iwe, ukayamba kundiyamikira ngati ndafa, ndidzakulanda maikolofoni." Ndiye mundikhululukire, ndikungomvera akuluakulu.

Dzina la Kamvuluvulu silinagwe kumwamba. Amayi awa akadutsa mu wodi, makatani ankagwedezeka okha. Chaka chawo choyamba anatsekera dokotala wamkulu wa nthawi imeneyo m'chipinda chosungira zofunda. Analowa, anatenga mabulangete, anatuluka, anakhoma, kiyi m'thumba, ulendo ku wodi ya amayi. Dokotalayo anali kuseri kwa shelefu, akufunafuna pilo. Anagogoda, anagogoda, ife tinkangoti ndi amisiri akukonza mapaipi. Achemwali atakumbuka kuti kiyi ali naye, anathamanga, anatsegula, n'kumupeza bambo wamkulu atakhala pa mulu wa mabulangete, thukuta lili kamukamu. Mukuganiza kuti anapepesa? Anati, "Adokotala, odwala akukudikirani, inu mukutani muno?"

Za tiyi nonse mukuzidziwa. Zaka zonsezi sindinawaonepo akumwa tiyi wotentha. Amathira, amamwa kamodzi, wina waitana, kapu yatsala pa zenera. A kukhitchini makapu akachepa sankadandaula, ankangotsatira njira imene Kamvuluvulu wadutsa n'kumatolera.

Nanga za tchuthi! Tsiku lina oyang'anira anamwino anawakakamiza kuti apite kutchuthi. Anapita. M'mawa mwake tinangowaona pageti. Mlonda anafunsa, iwo n'kuyankha kuti angodzatenga ambulera imene anaiwala. Kunja dzuwa likuswa mtengo, mtambo ngakhale umodzi palibe. Ambulera imeneyo anaitenga tsiku lonse, anabayira nayo jakisoni, anasambitsira nayo odwala, mpaka yakwana nthawi yoweruka. Ndipo mwana wathu amene wakhala apayu angachitire umboni kuti pa ukwati wake mayi wa mkwatibwi anasowa pa nthawi yojambulitsa zithunzi. Anapezeka kuno, atavala chovala chawo cha ku ukwatiko, akuyang'ana dripi ya wodwala amene sanali wawo n'komwe.

Sekani ndithu, nanenso ndinkaseka. Koma mugwire nkhanizi, chifukwa tikupita nazo kwina.

Achinyamata amene mwabwera posachedwa simudziwa mmene tinkagwirira ntchito kale. Vuto lililonse linali ndi khomo lake ndi tsiku lake. Amene mowa wawagwira ankabwera tsiku lawo, kwa dokotala wawo. Amene asiya kudya ankapita kusikelo, kwa a za zakudya. Amene adzivulaza okha ankabwera kwa ine, ndiwatsuke, ndiwamange, ndiwauze kuti asadzachitenso. A juga analibe khomo, tinkangowatumiza kwa mlangizi akapezeka. Khomo lililonse linkagwira ntchito yake mokhulupirika. Munthu akasiya chimene anabwerera, tinkamugwira chanza n'kunena kuti wachira.

Koma ine wa mabala ndinkaona chinthu chimene sindinkachimvetsa. Panali kalipentala wina, munthu wamkulu thupi, manja ngati mafosholo. Ali kumbuyoko, ndipo wandilola kuti ndinene. Ankamwa mpaka kugona m'ngalande. Anathandizidwa, anasiya, tonse tinakondwa. Sipanapite nthawi, anabwera kwa ine mkono utathyoka. Anali atagula njinga yamoto, ankaithamangitsa ngati akuthawa moto, chipewa osavala. Mkono utapola, anabweranso nkhope itatupa. Anali atayamba kuputa ndewu ndi anthu oti ankadziwiratu kuti amumenya. Mowa osamwa ngakhale dontho.

Panalinso mphunzitsi wina wachitsikana, wofatsa, waulemu, wolankhula motsitsa. Nayenso wapereka chilolezo. Ndinkamumanga mabala a pamkono amene ankadzipweteka yekha. Anasiya, ndipo ine ndinadzitama kuti malangizo anga agwira. Miyezi ingapo pambuyo pake anthu anabwera naye atamunyamula, atakomoka akulemba pa bolodi. Anali atasiya kudya. Kwa ine anali atachira. Kusikelo anali wodwala watsopano. Palibe amene ankanama, koma aliyense ankangoona khomo lake.

Munthu mmodzi yekha ankadutsa m'makomo onsewo, chifukwa ankagwirira ntchito aliyense amene wadwala kapena wapita kumaliro. Mwamudziwa kale. Achemwali ankakumana ndi nkhope zomwezo m'zipinda zosiyana, ndipo zinkawavuta mumtima. Tsono anamva kuti kachipinda ka kumapeto kwa khonde, kaja koyandikana ndi kochapira, kamakhala kopanda munthu Lachinayi masana. Anakumana ndi kalipentala pa khonde: "Bwerani Lachinayi masana, tidzacheze." Anakumana ndi mphunzitsi kusikelo: "Bwerani Lachinayi masana." Anakumana ndi dalaivala wina wa malole amene juga inamudyera chilichonse: chimodzimodzi. Aliyense ankayesa kuti akaonana ndi namwino payekha. Achemwali nawonso ankayesa choncho. Liwiro lija linawaiwalitsa kuti Lachinayi ndi limodzi.

Tsikulo anabwera kuchipinda changa akuthamanga, maso ali tong'o. "Iwe, ndalakwitsa. Onse abwera nthawi imodzi. Tiye ukandithandize kuwabweza." Tinapita. Koma tikufika, mvula inayamba, ya mkokomo, yoti simungatulutse ngakhale galu. Kachipindako denga lake linkadontha, pakati panali beseni. Anthu atatuwo anakhala motalikirana, aliyense akuyang'ana khoma lake.

Anayamba ndi dalaivala. Iye ndi kalipentala ankakhala msewu umodzi, ankadziwana bwino. Anati, "Amayi, ine mwandisakaniza ndi zidakwa? Ine mowa sindilawa."

Kalipentala anabweza pompo: "Ine ndinkamwa, inde, koma sindinabetsepo bedi la ana anga pa makadi."

Mphunzitsi uja anali pafupi ndi chitseko, manja a juzi atawakokera mpaka ku zala, akungodikira mvula ikate kuti athawe. Ine ndinaima pakhomo n'kumawerengera kuti nkhonya ikauluka ndigwire uti poyamba.

Achemwali anagwira njakata. Mafunso amene tinaphunzira sakanagwira ntchito pamenepo. Sakanafunsa kuti mumamwa mabotolo angati, chifukwa awiri sankamwa. Sakanafunsa kuti mwadya kangati, chifukwa kalipentala akanayankha mpaka mawa. Ndiye anafunsa funso lokhalo limene likanakwanira onse atatu. Anati, "Zimene mumachitazo tizisiye kaye. Ndiuzeni za kanthawi kaja musanayambe. Pamakhala pachitika chiyani?"

Kenako kalipentala anayang'ana manja ake n'kunena kuti, "Pamakhala palibe chachitika, amayi. Vuto lake ndi limenelo. Ndaweruka, ndasesa utuchi, ndatseka shopu. Kuli chete. Ndiye amabwera mawu m'mutu muno, mawu a malemu bambo anga: iwe sudzapanga kanthu kowongoka. Mpando ndaupanga wowongoka, anthu agula, ayamikira, koma mawuwo amati wakhota. Pachifuwa pamathina ngati andimanga ndi chingwe. Ndikamwa, chingwecho chinkamasuka. Pano ndikathamangitsa njinga chimamasuka. Wina akandimenya chimamasuka. Koma m'mawa chimabwera chothina kuposa dzulo, chifukwa tsopano mawu aja apeza umboni."

Pamenepo mphunzitsi uja, amene ine ndinamumanga mabala miyezi yambiri osamva mawu ake kupitirira "zikomo", anatembenuka. Anati, "Bambo, zimenezo mwazidziwa bwanji?"

Kalipentala anati, "Ndi zanga, mwanawe."

"Ayi," anatero mtsikanayo. "Ndi zanga. Ine mowa sindinaulawepo chibadwire. Koma chingwecho ndimachidziwa. Mawuwo ndimawadziwa. Kwa ine amati, ukudya chiyani iwe, wagwira chiyani chokuyenereza mbale? Ndikakhala ndi njala amakhala chete. Sindinauzepo munthu, chifukwa ndinkayesa kuti ndine ndekha padziko lonse."

Dalaivala, amene anabwera ndi ukali uja, anavula chipewa chake n'kuchiika pa bondo. Anati, "Anthu amati ine ndimafuna kulemera. Akanadziwa. Ndikawina sindichoka patebulo. Ndimachoka zonse zikatha. Pamenepo m'pamene mtima umakhala pansi, ngati ndalandira chikwapu chimene ndimayenera. Pamsewu ndimakhala ndekha, ndikafika kunyumba ana amandiyang'ana ngati mlendo. Patebulo pokha m'pamene amandisungira mpando."

Abale anga, ine ndaona zambiri m'chipinda changa. Ndaona mafupa ali poyera, sindinanjenjemere. Koma za tsiku limenelo ndinali ndisanazionepo. Anthu atatu amene ife tinawapatsa makomo atatu ankamalizirana mawu ngati ana a mimba imodzi. Mvula inakata, palibe amene anadzuka. Mpaka lero ndikakumbuka ndimachita mantha aulemu, ngati ndinaona chinthu chimene sindinkayenera kuona ndi maso anga.

Atatuluka, achemwali anaima n'kumayang'ana beseni lija. Anati, "Iwe, ife timangosuntha beseni. Madzi akadontha pa bedi timatchinga, akasamukira pa tebulo timati kwabwera vuto latsopano. Bowo lili padenga, ndipo palibe amene wakwerapo." Ananena zimenezo basi, n'kuthamangira ku wodi, chifukwa ndi Kamvuluvulu.

Ndinene chilungamo, si kuti aliyense anakondwa pomwepo. Ena anafunsa mafunso oyenera: kodi sangaphunzitsane zoipa? Kodi wofooka sangapwetekedwe ndi nkhani za mnzake? Achemwali sanapsere mtima mafunsowo. Anakhala nawo pansi madokotala, kapena ndinene kuti anaimirira nawo, n'kupangana mmene angatetezere anthu. Sananenepo kuti makomo aja ndi achabe. Wamowa ankalandirabe mankhwala ake, wosadya ankapitabe kusikelo, ine ndinkamangabe mabala. Chimene chinasintha n'chakuti tinayamba kulankhulana, ndipo tinasiya kuthamangira mawu akuti wachira munthu akangosiya chinthu chimodzi. Amene anapereka kachipindako kuti kakhale ka Lachinayi mpaka kalekale ndi dokotala yemwe uja anatsekeredwa m'zofunda. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti kiyi wake asamasunge amayi awa.

Kuyambira pamenepo adutsamo anthu ambiri. Amapiritsi, a fodya wamkulu, ogula zinthu zimene sakuzifuna mpaka nyumba kudzaza, obwerera kwa munthu amene amawamenya, othamangitsa galimoto ngati alibe owadikira. Achemwali sankadabwa ndi chimene munthu wagwira m'manja. Ankafunafuna manyazi amene munthuyo wabisa, chisoni chimene sanalire, kusungulumwa kumene sanauze aliyense. Ankati chinthu chimenechi chimanenepa ndi chinsinsi. Lamulo lawo linali lakuti chikakugwira, usalimbane nacho wekha, peza munthu umuuze kuti chandigwira, usanachite kanthu.

Sitinapulumutse onse. Dalaivala uja anabwera kwa kanthawi, kenako anasiya, ndipo uthenga umene tinadzamva pambuyo pake sunali wabwino. Achemwali anamulira ngati m'bale wawo. Koma mphunzitsi uja lero ndi mphunzitsi wamkulu pa sukulu yake, ali ndi ana ake, ndipo watumiza moni chifukwa ophunzira ake akulemba mayeso. Kalipentala ndi uyo, imvi zili mbuu, ndipo ndi amene amalandira obwera kumene pakhomo la kachipinda kaja.

Tsopano ndafika pamene andilamula kuti ndisalumphe.

Zaka zingapo zapitazo, Lachinayi lina, ndinalowa m'kachipindamo kudzapereka uthenga. Ndinapeza achemwali akuyendetsa zokambirana ataimirira, monga mwa masiku onse, phazi limodzi lili kale pakhomo. Kalipentala anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Amayi, pepani ngati ndikulakwa. Ife tonse muno tinakuuzani chimene timathawa. Nanga inu mumathawa chiyani?"

Anthu anaseka, nanenso ndinaseka. Achemwali sanaseke. Anati akuitanidwa ku wodi, pamene panalibe amene anawaitana. Anatuluka. Funsolo analinyamula zaka, osaliyankha, ndipo palibe amene analimba mtima kulibwereza.

Analiyankha mwezi wathawu, pa Lachinayi lawo lomaliza. Anandiitana kuti ndikhalepo. Anakoka mpando n'kukhala pakati pa odwala awo, ndipo ananena zimene ndikuuzeni tsopano. Alamu, mwandilola. Mwana wathu, wandilola.

Mtsikana amene wakhala apayu si woyamba kubadwa. Analipo mchimwene wake. Anali kamnyamata kongoyamba kumene kulankhula. Tsiku lina m'mawa kanadzuka thupi likutentha pang'ono. Amayi ake, namwino wachitsikana, anakagwira pamphumi, anati ndi chimfine, anakasiya ndi wolera n'kubwera kuno kudzasamalira ana a eni. Pobwerera anapeza zinthu zitafika poipa. Anathamanga nako kuno komwe, madokotala anayesetsa, koma mwanayo anatisiya. Palibe amene anawaimba mlandu. Madokotala anawauza kuti matendawo anali othamanga, oti akanapusitsa aliyense. Koma mawu a m'mutu samva za dokotala. Ankati, namwino wotani iwe, wosaona matenda a mwana wako yemwe?

Maliro atangotha anabwerera ku ntchito. Anapeza kuti akathamanga mu khonde, mawuwo amatsalira kumbuyo. Akaima, amawapeza. Ndiye anasiya kuima. Anauza anthu a Lachinayi kuti, "Ine botolo langa ndi chipatala chino. Tiyi sindimwa wotentha chifukwa kudikira kuti azizire pang'ono ndiko kukhala chete, ndipo ndikakhala chete ndimamumva mwana wanga akutsokomola. Dzina lake sindinalitchulepo chimuikire m'manda. Bambo ake nawonso anasiya kulitchula poopa kundipweteka. Ndakuphunzitsani zaka zonsezi kuti chinsinsi chimanenepetsa chinthu chimenechi, pamene changa ndinkachidyetsa tsiku ndi tsiku. Tsopano akundilanda botolo langa, ndipo ndikuopa."

Ine ndinawadziwa amayi awa ali mtsikana. Za mwanayo ndinkazidziwa, ndinapita nawo kumanda. Koma sindinalumikizepo maliro aja ndi makapu a pa zenera. Tonse tinkaona khama, ndipo khama linalipodi, odwala amene anawathandiza ndi enieni. Tsikulo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake iwo okha ndi amene anatha kufunsa funso lija la mvula. Chingwe chimene kalipentala ankanena, iwo ankachimva pachifuwa pawo pamene ankafunsa. Ndipo munthu wa msinkhu wawo, wolemekezeka chipatala chonse, kukhala pa mpando wa odwala n'kunena kuti ndikuopa, ine sindinaonepo kulimba mtima kotero. Kalipentala anadzuka n'kuwagwira paphewa, ndipo chipinda chonse chinalira.

Zitatero, oyang'anira anamwino anawauza kuti atenge masiku a tchuthi amene anawunjikana, ayeserere kukhala pakhomo penshoni isanayambe. Zimene zinachitika kumeneko andiuza ndi alamu anga, ndipo akuti nazonso ndinene.

Tsiku loyamba anachapa makatani onse a m'nyumba, ngakhale amene anachapidwa kale. Tsiku lotsatira anatulutsa ziwiya zonse m'kabati n'kuzitsuka, kenako anayamba kupenta khitchini. Alamu anabisa bulashi, iwo anapeza tsache. Alamu anabisa tsache, iwo anayamba kusita masokosi. Adzukulu akuti ankathawa, poopa kuti akaima malo amodzi asambitsidwanso.

Kenako zochita zinatha. Anali masana, nyumba ili mbee, kuli chete. Alamu anali pakhonde akuwerenga. Anangomva chitseko cha kuchipinda, kenako nsapato za ku ntchito zikulira pa simenti. Achemwali anadutsa osawayang'ana, chikwama m'manja, ulendo wa kuno. Alamu akuti mtima wawo unagwa, koma sanaitane. Zaka zonsezi anali asanaitanepo, sakanadziwa poyambira. Anangomva geti likutseguka.

Silinatsekeke. Anadikira, osamva kanthu. Atadzutsa mutu anaona akazi awo ataima pageti, dzanja lili pa chitsulo, chiimire. Kenako anatembenuka n'kubwerera pang'onopang'ono, mayendedwe amene alamu akuti anali asanawaonepo. Anafika pakhonde n'kunena kuti, "Bambo, chandigwira."

Alamu anasuntha n'kunena kuti, "Khalani apa."

Anakhala. Akuti kangapo konse anafuna kudzuka. Alamu anangowagwira dzanja. Patapita nthawi achemwali anatchula dzina la mwana uja. Dzinalo sindilinena pano, ndi lawo. Analitchula kamodzi, alamu analitchulanso, ndipo awiriwa analira mwana wawo limodzi, koyamba chimuikire. Mwana wathu wamkazi atafika kudzatenga ana ake anawapeza akadali pompo. Anakhala nawo pansi, ndipo tsiku limenelo anamva koyamba kuti mchimwene wake ankaopa nkhuku, ankakonda kuvala nsapato za bambo ake, ndiponso kuti ankaseka ngati mmene amasekera mdzukulu wamng'onoyu.

Achemwali andichenjeza kuti ndisanene kuti achira. Mawu amenewo anawaletsa okha m'chipatala muno. Akuti masana amodzi si moyo wonse, ndipo Lolemba likubwerabe. Akuti adzaimanso pageti paja, mwina kambirimbiri. Koma tsopano akudziwa kuti pakhonde pali munthu.

Ndiye ndili ndi pempho kwa inu anzanga a ntchito. Ndikukudziwani. Wodi ikadzaza, dzanja lidzapita lokha pa foni. Musawaimbire. Mukasowa chinthu, funsani wina. Mukawasowa iwowo, pitani kwawo mukacheze, mukhale pansi, muwachedwetse. A mlonda, akabwera ndi nkhani yoti aiwala kanthu, muwaperekeze mwaulemu mpaka pokwerera basi, ndipo muwaimbire alamu. Anthu a Lachinayi, kachipinda kaja kadzakhala kotsegula, a mkulu atsimikiza, ndipo namwino amene achemwali amuphunzitsa ali wokonzeka. Mwana wathu, adzukuluwa uziwabweretsa, koma osati kudzawasiya kuti agogo apeze ntchito. Uzikhala nawo pomwepo.

Achemwali anga, zikomo. Zikomo chifukwa cha odwala amene munawanyamula, anamwino amene munawaphunzitsa, ndi ine amene munandiphunzitsa kuyang'ana nkhope ya munthu ndisanayang'ane bala lake. Ndagwira ntchito ndi anthu ambiri anzeru, koma inu ndimakuopani, ndipo ndimakukondani. Alamu, zikomo potibwereka amayi awa nthawi yaitali kuposa mmene tinkayenera. Lero tikukubwezerani. Mukapume, achemwali. Mukagone mpaka dzuwa likupezeni, ndipo masiku amene kupuma kudzakhale kowawa, musakakhale nokha.

Tsopano tiwombe m'manja. Koma timvane. Zaka zonsezi takhala tikuwawombera m'manja amayi awa chifukwa chothamanga, ndipo nthawi iliyonse tikawomba ankawonjezera liwiro. Lero sitiwombera zimenezo. Tiwombera masana aja anabwerera pageti. Ife tonse tiimirire. Ayi, achemwali, ndakuonani, mwayamba kale kudzuka. Alamu, agwireni dzanja. Inu khalani pomwepo, tiimirira ndife.

Manja, abale, manja!